Tidakana Kubwereketsa Munda Chaka cha Matalala

Tidachoka ku Tete pa kamiyau, lole yopanda katundu, imodzi mwa zija zimakwera kumapiri kukanyamula kachewere. Ine ndidakhala kutsogolo, mwana wamng'ono ali pamiyendo, pomwe amuna anga ndi ana awiri akuluwo adali kumbuyo pamodzi ndi matiresi, mapoto ndi makina anga osokera. Anzathu akuntchito adatitsanzika monga momwe anthu amatsanzikira wodwala amene achipatala amulephera. Amuna anga adali mlembi mu esikiritoriyo, ofesi ya kampani ina yonyamula katundu, ine ndinkaphunzitsa ana ang'onoang'ono pa shikola ina ya mumzinda. Tonse awiri tidaphunzira kwa ansembe ku Fonte Boa, ndipo kwathu kuno munthu amene wadutsa m'manja mwa ansembe mpaka kukafika ku Tete sabwereranso ku khasu, pokhapokha ngati amuchotsa ntchito kapena mutu wamuzungulira.

Ife sadatichotse, ndipo mitu yathu idali bwinobwino. Tidangotopa ndi kugula. Ku Tete tinkagula madzi, makala, tomato, ngakhale mthunzi umene tinkausapo udali wa eni nyumba. Tsiku lina ndidagula nkhwani pamsika, kamtolo kofota ndi dzuwa la kumeneko, ndipo ndili m'njira ndidakumbuka kuti kwathu nkhwani wotere timaponyera nkhumba. Mkwiyo umene udandigwira tsiku limenelo sudandichoke. Amayi adali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, nyumba yawo kufupi ndi Domwe ili chitsekere, munda ukusanduka tchire. Ndidauza amuna anga kuti ine ndikupita kwathu kukalima. Patapita masiku angapo, madzulo ena iwo adabwera ndi makatoni olongezamo mbale.

Munda wa amayi uli pamtsetse. Kumtunda kwake kuli kasupe amene saphwa ngakhale m'chilimwe, ndipo kuchokera pamenepo amayi adakumba ngalande yotsika mokhotakhota mpaka kudimba. M'mbali mwa ngalandeyo adabzala mapichesi. Si munda waukulu. Munthu ataimirira pakhonde amatha kuitana mnzake amene ali kumalire, mnzakeyo n'kuvomera. Monga mwa mwambo wathu, munda wa mayi umagwera mwana wamkazi, choncho udali wanga. Amuna anga adabwera ngati mkamwini, munthu wolima ndi kudya nawo koma wopanda mawu pa nkhani ya nthaka. Woyang'anira mbumba yathu adali achimwene anga, amene ankachita malonda ku Kalomwe, pamalire ndi Malawi.

Zaka zoyamba zidatichititsa manyazi. Manja a amuna anga, ozolowera cholembera, adatuluka matuza mpaka mpini wa khasu unkachita magazi. Khola loyamba la nkhumba limene adamanga lidagwa nkhumbazo zitangodzikhula pa nsichi, ndipo tidakhalira kuzithamangitsa m'minda ya eni, anthu akuonerera ndi kuseka. Pa fera, msika waukulu wa ku Domwe, amayi ena ankandilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji apulofesora a khasu?" Ndinkayankha mwaulemu n'kupitiriza kusankha mbewu yanga ya anyezi. Mumtima ndinkati sekani, ine sindidabwere kudzapikisana ndi munthu.

Koma nthaka ya kwathu sisunga chakukhosi. Tidaithira manyowa a nkhumba ndi phulusa, ndipo idayamba kutiyankha. Chimanga tinkabzala cha makolo, chija cholimba chimene anankafumbwe amachivutikira, mbewu yake yochokera m'ngala zimene amayi adasiya zitapachikidwa kudenga la khitchini. Pakati pa chimangacho pankayanga nyemba ndi maungu. Kumtunda kozizira tinkaika kachewere ndi kachigawo ka tirigu. Tiriguyo adali mwano wanga ndithu, chifukwa anthu ankati ndikutaya malo, koma ndidaumba uvuni wadothi kuseri kwa nyumba monga ndidaonera kwa asisitere ndili mtsikana, ndipo Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa ana ankadya pau, buledi wotentha wa m'munda mwawo. Mapichesi akachuluka ndinkawadula n'kuwayanika pamphasa. Mpendadzuwa unkatipatsa mafuta. Amuna anga, amene poyamba sankadziwa kumanga ngakhale mfundo, adasanduka munthu wa ziweto: nkhumba, abakha, nkhunda, ndipo patsogolo pake ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Ngoloyo adaipanga okha ndi matabwa a bulugamu ndi matayala a galimoto yakufa, ndipo ankainyadira kuposa china chilichonse pakhomo. Zokagula ku loja zidatsala mchere, sopo, machesi ndi makaderno olembamo ana.

Chaka cha matalala chidayamba bwino kuposa zaka zonse. Mvula idagwa pa nthawi yake, chimanga chidakula chobiriwira mochita kuda, ndipo chidali chitangomasula ngaiyaye, ndevu zikutuluka. Masana ena ndili kudimba, mphepo idaima zii, kenaka kudazizira ngati mwezi wa chisanu. Mtambo umene udatulukira kumbali ya Dedza sudali wakuda ngati wa mvula, udali ndi kuyera kwina kwake m'munsi. Ndidamva phokoso lake usadafike, ngati ngolo zambiri zikuthamanga pamiyala. Ndidathamangira kunyumba, koma matalala adandipeza pa mapichesi, ndipo ndidanjuta pansi pa mtengo, dengu lili kumutu. Ena adali aakulu ngati mazira a nkhunda. Sadakhalitse. Atatha, dziko lonse lidali mbee, ndipo kunkanunkha masamba osinjika.

Chimanga chidasanduka nsanza. Mapesi adaima opanda masamba, ena atathyoka pakati. Nyemba, zimene zidali maluwa okhaokha, zidamatirira m'matope. Ana a abakha adafera pabwalo pomwepo, mayi wawo akuzungulirazungulira. Amuna anga adayenda mzere ndi mzere, manja ali kumbuyo. Kumidzi yoyandikana nafe kunkamveka kulira ngati kwagwa maliro.

M'mawa mwake ndidakwera pankhokwe kukasuzumira. Chimanga chakale chidalimo, koma chosati n'kutifikitsa patali. Ndidakafukula phando limodzi la kachewere: masamba ake adali atatheratu, koma pansi adali bwinobwino, ngakhale adali asadakhwimitse. Kudenga kudali zikwatu za mfutso ndi thumba la mapichesi ouma. Nkhumba zidali moyo, kasupe akutuluka monga mwa masiku onse. Ndidaitana ana n'kuwauza kuti chaka chino tidya za pansi pa nthaka, popeza za pamwamba zatengedwa. Sabata yomweyo tidabzalanso nyemba pakati pa mapesi othyokawo, n'kuyamba kugalauza dimba nthawi yake isadakwane.

Za achimwene anga ndiyenera kunena bwino, kuti wina asawayese munthu woipa. Nkhondo itafika kwathu ine ndidali kamwana, ndipo amene adandibereka kumsana kuwoloka malire kupita ku Dedza ndi iwo, amayi atasenza katundu. Iwo adaiona njala ya m'misasa ya othawa ndi maso a munthu wamkulu, ine ndidangoimva m'mimba osaimvetsa. Titabwerera kwathu, bambo atamwalira, adayamba kukankha njinga yodzaza matumba pakati pa Kalomwe ndi Dedza, ndipo thukuta limenelo ndi limene lidandisunga ku Fonte Boa mpaka ndidatsiriza. Nditapeza ntchito ku Tete ankandionetsa kwa anzawo ngati nyumba imene amanga okha. Kubwerera kwanga kumudzi kudawapweteka, ndipo sadabise. Nthawi iliyonse akabwera ankayang'ana zikhatho zanga n'kupukusa mutu.

Matalala atangopita adafika pa mota, njinga yawo yamoto, atakweza munthu wina wovala nsapato zoyera. Ameneyo adali patarau wa kachewere, mwini makamiyau, wa anthu aja amabwereka minda ya anthu ambiri n'kuiphatikiza kukhala munda umodzi. Ndidawayalira mphasa, ndidagwada n'kuwalonjera. Patarauyo adalankhula mofatsa ndi mwaulemu, koma maso ake sadachoke pa ngalande. Adati akufuna mundawo kwa zaka zochepa chabe. Adzalima ndi tiratoro kuchokera kukasupe mpaka kudimba, adzathira adubu, feteleza wa m'matumba, ndi mankhwala, ndipo mapichesi adzazulidwa chifukwa amatchinga njira ya makina. Ife ngati tikufuna tidzapatsidwa ganyu yopalira ndi kukumba. Anansi athu ambiri adali atavomera kale, adatero, chifukwa chaka chino palibe amene akolole.

Mlendoyo atanyamuka kukaona kasupe, achimwene adandiyandikira.

"Ine ndavomera kale. Iwe tenga ana ubwerere ku ntchito yako. Masewerawa akwana."

Ndidawafunsa kuti avomera munda wa yani. Iwo adati mbumba ndi yawo, ndipo sangaonerere ana a mlongo wawo akutupa mapazi ndi njala pomwe njira ilipo. Amuna anga adakonza kukhosi kuti alankhule, koma achimwene sadawalole.

"Alamu, inu khalani kaye. Munda uno mudaupeza ulipo."

Amuna anga adaweramitsa mutu, adaimirira pang'onopang'ono n'kupita kukhola la nkhumba. Ndidauza achimwene, mawu anga ali pansi kuti mlendo asamve, kuti munda sindibwereketsa. Adaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akudziwa kuti mwana akwiya lero mawa aiwala. Pokwera mota adati tiratoro ibwera fera ikadutsa.

Masiku amenewo sadali opepuka. Ndidapita kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, poganiza kuti andiikira kumbuyo. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adandifunsa kuti ndikamuchititsa manyazi mlongo wanga pamaso pa anthu, ana anga akadzafuna nkhoswe ndidzapita kwa yani, ndipo ine ndikadzafa adzayendetse maliro anga ndani. Adati munda suthawa, patarau akadzatopa nawo ndidzaupeza pomwepo. Ndidawayankha kuti mapichesi amene mkulu wawo adabzala sindidzawapeza, ngalande sindidzaipeza, ndipo mbewu ya chimanga chathu ikagona zaka osabzalidwa ndiye kuti yafa. Adangoti ndidatengera mtima wa malemu. Sindikudziwa ngati kudali kundiyamikira kapena kundidzudzula.

Chimene chinkandiwawa kwambiri sichidali mitengo. Ndinkadziona ndikupalira kachewere wa munthu wina m'munda wa amayi, kapitao ataima pamene amayi ankaima, akundiuza nthawi yowerukira. Ndinkadziona ndabwereranso pamzere wogula ufa. Amuna anga nditawafotokozera zimenezi adangogwedeza mutu. Adati nkhaniyo ndi yanga ndi achimwene, iwo sangalowererepo. Ndidakhumudwa nawo, ndipo tsiku lonse sindidawalankhule.

Tiratoro idafika m'mawa, mame asadaume. Ndidaimva ikadali kumsewu, ine ndikuthirira mbande za kabichi. Ndidataya chithini n'kukwera mtunda ndikuthamanga, osadziwa kuti ndikachita chiyani. Njira yolowera m'munda mwathu ndi imodzi yokha, kampata kopapatiza pakati pa chigwembe chokumbika ndi madzi ndi mzere wa mapichesi, pamene tidayalapo mitengo yowolokera ngalande. Nditafika ndidapeza ngolo yathu itaima pampata pomwepo, yodzaza ndi manyowa mpaka pamwamba. Ng'ombe zidali zitamasulidwa, zikudya udzu chapatali. Mbali imodzi ya ngoloyo idali itakhazikidwa pamiyala, tayala litachotsedwa, ndipo amuna anga adali atakhala pansi, tayalalo lili pakati pa miyendo, akulipaka girisi ndi kamtengo.

Woyendetsa tiratoro adaimba belu lake. Amuna anga adadzutsa mutu, adavula chipewa n'kumulonjera bwinobwino, adamufunsa za kunyumba ndi za ulendo. Kenaka adamuuza kuti apepese, ngolo yavuta, ndipo chitsulo chake mwina chikapezeka kutauni ku Ulongwe. Woyendetsayo adatsika, adazungulira ngolo, adayang'ana chigwembe, adayang'ana mapichesi, n'kuimba foni.

Achimwene adafika dzuwa litakwera, anthu atasonkhana kale. Ena adali anansi amene adabwereketsa minda yawo, ena adangotsata phokoso. Achimwenewo adatsika pa mota n'kulunjika pangolo.

"Alamu, chotsani ngoloyi."

"Alamu, za nthaka mudandiletsa, ndipo sindikulankhulapo," adayankha amuna anga osakweza mawu. "Ine ndikukonza ngolo yanga."

Wina m'gulumo adaseka, n'kudzigwira pakamwa. Achimwene adatembenukira kwa ine. Sadakalipe. Adalankhula motsitsa, koma aliyense adamva. Adandikumbutsa msana wawo, njinga ija, mapazi awo ong'ambika ndi msewu wa ku Dedza. Adati sadavutike choncho kuti mlongo wawo adzafe ndi khasu m'manja ngati munthu wosaphunzira. Adati njala ine sindiidziwa, ndidangoimva ndili kumsana, ndipo ikadzafika sidzafunsa kuti mapichesi adabzala ndani. Ndidaona kuti akuopa zenizeni.

Ndidagwada pansi monga ayenera kuchitira mlongo, pamatope pomwepo, ndipo ndidawayankha ndili chogwada.

"Achimwene, mudandibereka, ndipo sindidzaiwala mpaka kufa. Koma mudandiphunzitsa kuti ndizitha kuganiza ndekha, ndiye ndaganiza. Njala ikabwera indipeze m'munda mwanga. Mbumba ndi yanu, munda ndi wanga, ndipo suchoka m'manja mwanga ngakhale kwa dzinja limodzi."

Kenaka adati ana akadzayamba kulira ndisadzabwere ku Kalomwe. Ndidati sindidzabwera. Adakwera mota n'kumapita osatsanzika aliyense. Tiratoro idabwerera chambuyo mpaka kumsewu, ndipo tsiku lomwelo idakalima kwa anansi athu a kumunsi. Amuna anga adadikira mpaka phokoso lake lidapita kutali, adabwezeretsa tayala, adamanga ng'ombe n'kukatsitsa manyowa kudimba. Ine ndidawatsatira ndi fosholo. Sitidakambirane za nkhaniyo, koma madzulo ake ndidawaphera nkhunda ziwiri.

Njala idabweradi, ndipo sindinganame kuti idatilambalala. Chimanga cha m'nkhokwe tinkachidya mosinira, ufa wake tikusakaniza ndi gaga amene kale adali wa nkhumba. Chakudya chathu chenicheni chidali kachewere. M'mawa wowiritsa, masana wofutsa ndi mfutso, madzulo wootcha paphulusa. Mwana wanga wamkazi wamkulu adafika poti akangomva fungo lake ankatuluka panja. Tsiku lina adandifunsa, maso ali gwa, ngati kukana kwanga kumadyedwa. Anzake a kwa anansi ankabwera ku shikola atadya mpunga wogula, iye atanyamula mapichesi ouma m'kathumba. Ndidamuyankha kuti akadzakula adzasankha yekha, koma pakadali pano adye zimene zilipo. Adadya akulira. Ine ndidadzimanga chitenje mothina, chifukwa masiketi anga onse adali atayamba kugwa.

Tidapha nkhumba yaikulu n'kusinthanitsa nyama yake ndi chimanga kwa anthu a kutsidya kwa phiri, kumene matalala sadafike. Makina anga osokera adagwira ntchito imene sadaigwirepo ku Tete: ndinkasoka zigamba ndi mayunifomu, wobweretsa chovala ankabwera ndi mbale ya nyemba kapena ya mawere. Nyemba zobzala kachiwiri zija zidabereka pang'ono, koma zidabereka. Kudimba tinkalowa kukadali chisisira, chisanu chikuluma zala, kutsegula ndi kutseka madzi ndi zibuma, mzere uwu ukakhuta kupatsa winawo. Ana onse adagwira nawo, wokwiya uja ndiye ankagwira mwamphamvu kuposa onse, ngati akumenyana ndi nthaka.

Vuto lina lidabuka pamadzi. Anthu a patarau adaika pampu kumunsi kwa mfuleni, ndipo madzi atachepa m'chilimwe kapitao wawo adabwera kudzandiuza kuti nditseke ngalande yanga masana onse. Ndidamutengera kukasupe, ndidamuonetsa pamene madzi amatulukira, pamene amalowa m'dimba ndi pamene otsala amabwerera kumfuleni monga amachitira kuyambira nthawi ya amayi. Ndidamuuza kuti kabichi wanga amamwa ngati mbalame, pampu yawo imamwa ngati ng'ombe, ndiye ngati pali wofunika kudziletsa si ine. Adaopseza kuti akanena kwa akuluakulu. Ndidamuuza kuti apite, andipeza pano. Sadabwerenso.

Chimanga cha kudimba chidacha mvula isadagwe. Tsiku limene tidathyola choyamba tidachiotchera kudimba komweko, ndipo tidadya mpaka zitsononkho zidaunjikana. Kuchokera pamenepo tidadziwa kuti tawoloka. Palibe mwana amene adatupa mapazi, palibe amene adasiya shikola, ndipo ku Kalomwe sindidapite.

Sindikufuna kunena kuti amene adabwereketsa minda adapusa. Ena adafolera nyumba ndi malata chaka chomwecho, ife tikadali ndi denga laudzu lodontha. Mmodzi adagula mota imene ikumudyetsa mpaka lero. Patarau atachoka kukafuna nthaka yatsopano kwina, minda ina idatsala yotopa, kachewere akangomera n'kufota, koma ina idabwereramo patapita nthawi. Aliyense adasankha monga adaonera. Chimene sindilola ndi choti munthu andiuze kuti ine ndidangochita mwayi. Mwayi sudzuka m'chisanu kukatsegula madzi.

Achimwene adasunga mawu awo. Kwa zaka zingapo sadaponde pakhomo pathu. Mwana wanga wamwamuna atalandira Ukaristia woyamba tidawatumizira uthenga, koma sadabwere. Pamaliro tinkalonjerana ngati anthu odziwana patali. Ine chaka chilichonse ndinkawatumizira nyemba zoyamba ndi mapichesi kudzera kwa anthu a njinga. Sankabweza, komanso sankathokoza. Zinkandiwawa, koma kupepesa sindidapepese, chifukwa sindidaone cholakwa chimene ndikadapepesera.

Chimene chidawabweretsa ndi matenda. Adagwa pamalo awo a malonda, ndipo atatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wa kumanzere zidali zitalemera. Akazi awo adali atamwalira, ana awo ali kutali ku Beira, m'tinyumba ta lendi. Amayi aang'ono atandiuza, sindidafunse maganizo a munthu. Tidakawatenga. Titafika adayang'ana khomo lonse ngati munthu wofuna pogwira cholakwa.

Pano akukhala nafe, m'chipinda choyang'ana kumunda. Akuyenda ndi ndodo, ndipo dzanja labwinolo silikhala chabe: amasenda nyemba, amakonola chimanga, amathamangitsa nkhuku pamphasa ya ufa. Pakamwa pawo ndiye sipadadwale. Amati mizere yathu ndi yotalikirana kwambiri, amati nkhumba tikuzinenepetsa mochedwa, amati tirigu ndi ntchito yopanda phindu, koma pau akatuluka mu uvuni woyamba kutambasula dzanja ndi iwo. Ndi amuna anga amakhala pakhonde madzulo kukangana za mpira wa pa wailesi, ndipo amuna angawo amalola achimwene kupambana.

Pa nkhani ya munda sadasinthe maganizo, ndipo sindiyembekezera kuti adzasintha. Posachedwapa tikusenda nyemba adaiyambanso. Adati ndikadawamvera chaka chija, bwenzi pano ndili ndi nyumba ku Tete ndi galimoto yangayanga pabwalo.

"Nanga galimotoyo ndikadapita nayo kuti, achimwene?" ndidawafunsa.

Adandiyang'ana cham'mbali, adatafuna mawu, kenaka adandikankhira lichero kuti ndiwaonjezere nyemba.